Mabuku athu akukwapula mbuzi, fisi ali phee

Ndinaphunzitsapo Chichewa pa sekondale ina yoyendera m'boma la Mchinji, chakumalire kwenikweni, kumene tambala wa ku Zambia amadzutsa anthu a ku Malawi. Sukuluyo sindiitchula, poti mlandu womwe ndikuulula pano ndi wanga.

M'kalasi langa la Fomu 4 munali mnyamata wina, mwana wa tenanti. Miyezi ya Febuluwale ndi Malichi ankafika mochedwa, zikhatho zili bii ndi utomoni wa fodya, chifukwa asanagwire kope ankayamba wathyola masamba ndi kukasoka ku chigafa. Tsiku lina titawerenga kankhani kena kakafupi, ndinapereka funso lomwe aliyense amene analembapo MSCE amalidziwa fungo lake: tchulani zinthu ziwiri zomwe zinasaukitsa banja la mpangankhani wamkulu. Mnyamatayo analemba mwaukhondo kuti ulesi ndi uchidakwa. Ndinachonga, n'kumupatsa malikisi onse. Komatu bambo ake ndinkawadziwa. Anali mkulu wa mpingo, mowa sankaulawa, ndipo dzuwa silinawapezepo ali pa mphasa. Chaka chimenecho fodya atapita ku okushoni, kapitawo anawawerengera chimanga cha phoso, feteleza, mchere, sopo ndi ndalama ya kuchipatala, n'kuwauza kuti atsala ndi ngongole. Mwana wawo ankadziwa bwino lomwe chimene chimasaukitsa banja. Ankadziwanso yankho lokhozetsa mayeso, ndipo anali ataona kale kuti mayankho awiriwa sadyera mbale imodzi. Amene anamuphunzitsa kusiyanitsako ndine.

Ndiye ndinene mosapsatira. Mabuku ambiri a m'Chichewa, akale ndi atsopano omwe, amakamba za mavuto a anthu ngati kuti vuto lililonse limamera mumtima mwa wovutikayo. Wosauka ndi waulesi. Mtsikana wotenga mimba ndi wokonda ndalama. Mnyamata wothawira ku Joni ndi wosamva za akulu. Wodwala anaziyamba dala. Nkhani imathera pa maliro kapena pa kulapa, ife n'kutseka buku mitima ili myaa poti tapeza "phunziro". Umphawi timaulemba pa bolodi ngati imodzi mwa mfundo zazikulu, pakati pa chikondi ndi nsanje, ngati chisanu cha mu Juni chomwe chimangobwera chokha popanda wochituma. Munda uja anautenga ndani, sikelo ija anaipinda ndani, mtengo wa fodya anaudula ndani, mafunso amenewa buku silifunsa, mphunzitsi safunsa, mayeso safunsa. Mbuzi yolumidwa ndiyo ikulandira chikoti chifukwa choyenda usiku, fisi ali phee patsinde la mtengo akunyambita milomo.

Tiyambe ndi gogo wa mabuku athu. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, buku lomwe linapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ndipo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Bukuli ndimalilemekeza, ndipo aliyense wofuna kumva Chichewa chokhala ndi mnofu ayambe ndi limeneli. Koma taonani mmene timaliphunzitsira. Nthondo anali wakuba ndi wamwano, anapita kukagwira ntchito kunja, anabwerera, analowa ufumu, anatembenuka mtima. Ana inu musamabe. Kwatha. Ulendo wakunja uja timaudumpha ngati kamfuleni, chonsecho ndiwo mtsinje waukulu wa mbiri yathu. Anyamata a m'badwo umenewo sankapita ku Halale chifukwa choyabwa mapazi. M'zaka za m'ma 1890 atsamunda anaika msonkho wa nyumba, m'dziko lomwe ndalama zinali m'thumba la eni minda ikuluikulu ndi eni migodi. Wofuna ndalama ya msonkho ankayenera kukagulitsa msana wake. M'menemo ndimo munabadwira machona, Mthandizi ndi Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu n'kuimitsa Wenela. Kuno kwathu, komwe nthawiyo kunkatchedwa Fort Manning, funsani pa bwalo lililonse, mumva za agogo ena amene anatsika ndi msewu wa ku Fort Jameson osaonekanso.

Nthara sindikumuimba mlandu. Makina osindikizira anali a mishoni, pepala la mishoni, owerenga ake ana a sukulu za mishoni. Nkhani inayenera kukathera ku tchalitchi, apo ayi sikanatuluka. Chodabwitsa n'chakuti mkati mwa khola lopapatizalo iye anakwanitsa kulowetsamo mudzi wathunthu, ndi milandu yake, maliro ake, njala zake. Wolakwa ndi ife, amene patatha zaka zoposa 90 tikufinyabe bukuli kuti litulutse timadontho tiwiri ta malangizo, zotsalazo n'kutaya ngati makoko a nzimbe.

Njira yomwe inalambulidwa nthawiyo inasanduka msewu. Lester Nkomba analemba Ukawamba. Kutsidya kwa malireku Jacob Zulu analemba Zomfula Mkazi Wacimaso-maso, ndipo mutu wokhawo wamugamula kale mayiyo asanatsekule pakamwa. Tauni inakhala ng'anjo ya uchimo, mkazi n'kukhala chitseko cholowera. Titadzilamulira zinthu sizinaphweke. Mu 1968, chaka chomwe Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, kunabweranso lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Alembi omwe tinakula nawo, a Willie Zingani, a Jolly Max Ntaba, a Whyghtone Kamthunzi, analemba ali ndi diso limenelo pamsana. Tinkabwerekana mabuku awo mpaka zikuto kuthothoka, ndipo ambiri a ife chikondi cha kuwerenga tinachitola kwa iwo. Koma yang'anani mitu ina: Madzi Akatayika, Mtima Sukhuta, Ikakuona Litsiro Sikata. Ndi miyambi kapena zidutswa za miyambi. Chigamulo chili pachikuto, mkatimo mwangotsala umboni.

Kodi akanachita bwanji? Jack Mapanje, yemwe ndakatulo zake zinali zophiphiritsa, m'Chingerezi, anakamutsekera ku Mikuyu mu 1987 n'kutuluka mu 1991 osaonekera kukhoti. Tsono wolemba m'Chichewa, chomwe ngakhale wa Payoniya ankamva bwinobwino, akanalowera kuti? Ndipo pali china chomwe ambiri amaiwala. Makampani a Press Farming ndi General Farming, omwe anali m'gulu la eni maesiteti akuluakulu a fodya, anali a Kamuzu mwini. Kulemba za kulira kwa tenanti kunali kulemba za munda wa Ngwazi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Alembi anasankha kukalipira hule ndi chidakwa, anthu omwe sangakutumizire galimoto usiku.

Zimenezo ndikuzimvetsa. Chomwe sindikumvetsa n'chakuti ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994, koma cholembera chathu chikunjenjemerabe ngati wa Yufi ali pakhomo.

Taganizani za chuma cha nkhani chomwe boma limodzi lokhali lasunga. Mchinji ndi ya dothi lololera: mtedza, soya, chimanga, kachewere, fodya, chilichonse chimabereka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000. Nanga zimatheka bwanji kuti anthu okhala pa nthaka yotereyi azigula chimanga cha pambale mu Januwale? Mbali ina ya yankho ili m'malamulo. Lamulo la malo la 1965 linatsekula njira yosandutsira malo a makolo kukhala a lizi. Lamulo lina linati fodya wa bale azilimidwa m'maesiteti mokha, ndipo mlimi wamba anayamba kuloledwa mu 1990. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, phindu lina n'kukathandiza kukuza maesiteti a akuluakulu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Mchinji ndi Kasungu zinadzaza maesiteti. Munthu woletsedwa kulima bale pamunda wake ankaloledwa kumulima pamunda wa bwana, kumugulitsa kwa bwana yemweyo, pa mtengo wa bwana, atachotsa ngongole yolembedwa m'kope la bwana. Ambiri mwa matenantiwo ankabwera pa malole kuchokera kummwera, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, zidzukulu za anthu omwe aja a thangata. Thangata timamuphunzitsa m'kalasi la mbiri, ndipo chaka chilichonse pa 15 Januwale timakumbukira Chilembwe. Mdzukulu wa thangata ali kuseri kwa sukulu, akusoka fodya, ndipo m'kalasi la Chichewa sitimutchula.

Ngati imeneyi si nkhani ya buku, ndiye nkhani ya buku ndi iti? Muli kapitawo amene naye ndi mwana wa tenanti, amene amalemba ngongole masana n'kulephera kugona usiku. Muli mkazi wa tenanti, amene amagwira ntchito yofanana ndi ya mwamuna wake koma dzina lake mulibe m'kope. Muli nyakwawa yomwe inadinda chala pa pepala lomwe sinkatha kuwerenga, lero adzukulu ake akubwereka munda kwa mlendo pa malo pomwe pali manda a makolo awo. Muli mkamwini wolima munda wa akuchikazi, wodziwa kuti tsiku lomwe mkazi wake adzamwalire, eni mbumba akhoza kumuonetsa njira. Ndipo muli kope lenilenilo, la chikuto chothimbirira, lomwe pa esiteti limaopedwa kuposa Baibulo. Wolemba waluso akhoza kulisandutsa mpangankhani. Aphunzitsi anzanga, tafufuzani m'kabati ya sukulu, m'bokosi la mabuku lija la kiyi wosowasowa, mundipezere buku la m'Chichewa lomwe lalowa m'chigafa n'kuwerenga kopelo. Mukalipeza ndibwerekeni, ndidzapepesa pa tsamba lomweli.

Pakadali pano nkhani ya tenanti yalembedwa ndi ena. Mu Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake, ponena kuti pali ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Mu Disembala 2020 maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu ku London m'malo mwa alimi ndi ana awo zikwi zingapo, kusumira British American Tobacco ndi Imperial Brands, ndipo makampaniwo akuukana mlanduwo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo yathu inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, papepala. Choncho moyo wa bambo aja a mpingo uli m'mafayilo a maloya ku London, m'Chingerezi cha kukhoti, koma m'chiyankhulo chomwe iwo amapempherera mulibe. N'chimodzimodzi ndi 2006, pamene Madonna anadzatenga mwana ku Home of Hope, atolankhani a maiko akutali n'kudzaza Mchinji. Dziko lonse linakangana za mayi wolemerayo. Za momwe bambo wa kumudzi amafikira posiya khanda lake ku nyumba ya ana amasiye mkazi wake atamwalira, tinasiyira alendo omwewo kuti atifotokozere. Chaka chomwecho ndi chomwe Mtukula Pakhomo anayambira kuyesedwa, kuno ku Mchinji komweku. Boma ndi opereka thandizo anavomereza ndi ndalama zawo kuti pali mabanja osauka popanda kulakwa kwawo. Mabuku athu sanavomerezebe.

Wina anena kuti alembi a masiku ano akulemba kwambiri za mavuto a anthu: Edzi, maukwati a ana, nkhanza za m'banja, kudula mitengo. Zoona. Koma funsani amene akulipira. Mishoni yakale inachoka pa makina osindikizira, pamalopo panakhala amabungwe. Mpikisano umabwera ndi mutu wake wophikaphika, wolemba amangopakula. Kale nkhani inkathera pa ubatizo, lero imathera pa kukayezetsa magazi kapena kubwerera ku sukulu, chizindikiro cha wopereka ndalama chili kuchikuto chakumbuyo. Sindikunyoza uthengawo. Unapulumutsa miyoyo, ndipo ine ndemwe ndinaika m'manda abale omwe akanaumva msanga bwenzi alipo. Koma chikwangwani ndi chikwangwani, ngakhale uchipatse mayina a anthu ndi machaputala. Wolemba amene akudziwa mathero asanadziwe anthu ake sangaone chilichonse chomuzizimutsa, ndipo wowerenga amanunkhiza msanga kuti akumutengera ku msonkhano.

Tengani nkhani ya mtsikana wa zaka 15 wokwatiwa kutsidya kwa malire. Malamulo alipo: la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 komwe kunatseka khomo lokwatiwa usanafike zaka 18. M'nkhani zathu mtsikanayu amakopeka ndi foni ndi tchipisi, amanyoza malangizo a mayi ake, amavutika pobereka, amalira. Atsibweni ake omwe analandira ndalama mwezi wa njala mulibemo. Venda wa soya, munthu yekhayo wogwira ndalama pamudzipo mu Meyi, amangodutsa ngati mthunzi. Mtunda wa ku sukulu, kanyumba ka lendi komwe atsikana amadziphikira okha pafupi ndi malo omwera mowa, wapolisi wouzidwa kuti mwamunayo waolokera tsidya lina komwe yunifolomu yake ilibe mphamvu, zonsezi zimasowa. Timatsala ndi mwana mmodzi pakati pa bwalo, fuko lonse litamuzungulira ndi zala. Zomwezonso ndi anyamata aang'ono omwe amatengedwa kukaweta ng'ombe ndi kukalima fodya m'minda ya ku Zambia, nkhani yodziwika m'boma lino, yomwe lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu linabwerera. Mwanayo akalowa m'nkhani, amalowa ngati wothawa sukulu.

Chopweteka kwambiri n'chakuti Amalawi amatha kulemba mwa mtundu winawo, koma amatero m'Chingerezi. Tiyambe Zeleza mu Smouldering Charcoal, buku la 1992, anaika mtolankhani ndi wantchito wa ku bekale m'nkhani imodzi, n'kuonetsa sitalaka, ndende ndi chipani, mpaka wowerenga amaona ulusi womangirira njala ya m'nyumba ku mpando wa olamula. Legson Kayira analemba The Detainee ali kunja mu 1974. Steve Chimombo anagwiritsa Napolo kunena zomwe sizinkanenedwa. Ndiye tagawana motere: kufukula mizu ya mavuto n'kwa Chingerezi, kulangiza n'kwa Chichewa. Mwana wa bwana amapatsidwa buku lomuphunzitsa kufunsa, mwana wa tenanti amapatsidwa lomuphunzitsa kugwada. Ngati kumeneku si kusankhana, ndipatseni dzina lina.

Musandiuze kuti chiyankhulo chathu n'choperewera. Benedicto Wokomaatani Malunga anamasulira Things Fall Apart ya Chinua Achebe kukhala Chipasupasu, ndipo Chichewa chinasenza katunduyo osawerama. Bukulo likuphunzitsanso china. Okonkwo si mngelo. Ndi waukali, womenya akazi, wamantha obisika. Achebe sanamubisire zimenezo, koma sananamizirenso kuti mudzi unapasuka chifukwa cha mkwiyo wa munthu mmodzi. Anaonetsa khoti la mzungu, mishoni ndi sitolo zikulowa pamodzi. Ndicho ndikupempha. Sindikufuna mabuku a osauka oyera mtima ndi olemera a nyanga. Matenanti ena amaledzeradi, ena amagulitsa feteleza wa bwana usiku, ena amamenya ana. Alembeni choncho. Koma lembaninso chomwe chimachitika mumtima mwa munthu wogwira ntchito miyezi 9 n'kubwerera kwawo ndi thumba la zovala lokha. John Steinbeck mu The Grapes of Wrath, mu 1939, analemba za alimi obwereka minda ku Oklahoma omwe mabanki anawathamangitsa, ndipo eni minda ku California anakwiya mpaka bukulo linaletsedwa ndi kutenthedwa m'madera ena. Ousmane Sembène analemba za sitalaka ya pa njanji ya Dakar ndi Niger ya 1947 mpaka 1948, amayi ali patsogolo. Ifenso njanji tili nayo. Inafika ku Mchinji cha m'ma 1980, n'kudikira mpaka 2010 kuti ilumikizidwe ndi Chipata, mtunda woti wa kabaza amapita n'kubwerera tsiku limodzi. Zaka 30 za njanji yothera m'tchire, nthabwala yomwe ikungodikira mwini cholembera.

Palinso ena, akuluakulu aulemu wawo, amene amati kulangiza ndiwo mwambo wathu, nthano ya Achewa imathera pa phunziro. Pepani akuluakulu, koma mwambowo mwaudula pakati. Ku dambwe kumatuluka Simoni wa nkhope yofiira, kuseka mzungu pamaso pa mudzi wonse, ndipo anayamba kutero mzunguyo akadali ndi mfuti. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, wakhala akujeda olemera, aumbombo ndi olamula kuyambira kale. Amayi pamtondo ankaimba mokuluwika koma mudzi wonse unkadziwa mwamuna kapena mpongozi amene akusinjidwa limodzi ndi chimangacho. M'nthano, Kalulu sapusitsa nyerere. Amapusitsa Njovu ndi Mkango. Mwambo wathu umaloza chala m'mwamba ndi pansi pomwe. Amene anatiphunzitsa kuloza pansi pokha ndi mishoni, atsamunda ndi chipani, aliyense pa nthawi yake. Oimba sanaiwale zimenezi. Lucius Banda anatchedwa msilikali wa amphawi chifukwa cha zomwe ankaimba m'Chichewa chomwechi. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu 2001. Wa gitala analimba mtima, wa cholembera ali kuseri kwa chitseko kuwerengera malikisi.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi cha msika, ndipo sindichipeputsa. Wosindikiza mabuku m'Malawi amapuma ndi mphuno imodzi, silabasi. Buku losalowa pa mndandanda wa mayeso limadyedwa ndi chiswe m'nyumba yosungira katundu. Ndiye wolemba amalembera komiti yosankha mabuku, komiti imaopa makolo, mipingo ndi unduna, ndipo chotuluka ndi phala lopanda mchere. Nawo a MANEB akapitiriza kufunsa "tchulani" ndi "perekani maphunziro awiri", mphunzitsi adzapitiriza kuloweza ana mayankho, monga ndinkachitira ine. Funso limodzi lokha loti "kodi ndani wina, kupatula mpangankhaniyu, amene ali ndi mbali pa tsoka lake?" likhoza kusintha kaphunzitsidwe m'dziko lonse chaka chimodzi chisanathe, pakuti kuno chomwe chimabwera pa mayeso ndicho chimaphunzitsidwa.

Koma za kuchepa kwa owerenga, munthu wa ku Mchinji sangazimve bwino. Imani pa chipata cha Mwami muone. Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsekulira chipata chophatikiza ntchito za maiko awiriwa pamalo amodzi kuti katundu aziyenda msanga. Chimanga chimaoloka, simenti imaoloka, zitenje, shuga, mafuta a galimoto m'zigubu, zina pa chipata zina m'tinjira ta m'tchire. Mu Febuluwale Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amapita ku Mtenguleni ku Nc'wala kwa Mpezeni. Mu Ogasiti Achewa amakhamukira ku Mkaika ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Maliro amaoloka, maukwati amaoloka, nyimbo ndiye osanena. Buku lokha ndilo lilibe chiphaso. Anthu a ku Chipata, Katete ndi Chadiza amayankhula chiyankhulo chomwechi, a ku Tete ndi Angonia chimodzimodzi, ku Lusaka nako Chinyanja chili pamsika paliponse. Atsamunda omwe timawanyozawo anali ndi ofesi imodzi yosindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira mu 1948, ndipo buku limodzi linkawerengedwa mbali zonse. Ife odzilamulira tinagawana chiyankhulo, uku "ch" uko "c", aliyense n'kumadandaula kuti owerenga ndi ochepa. Julius Chongo ankakopa anthu ndi Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia, ndipo mawu ake sankaima pa chipata kudinditsa. Wailesi ya Mudzi Wathu ili pa boma pomwepa. Nkhani yaitali ya moyo wa pa esiteti, yowerengedwa chigawo chimodzi madzulo aliwonse, ingasowe omvera m'boma lomwe pafupifupi aliyense ali ndi mbale amene anasokapo fodya? Ngugi wa Thiong'o atasiya Chingerezi n'kulemba m'Chigikuyu, buku lomwe analilembera m'ndende pa pepala la kuchimbudzi linkawerengedwa mokweza m'mabala ndi m'makomo, osadziwa kuwerenga akumvetsera. Anthu amaufuna uthenga wonena za iwo eni, bola usawatukwane.

Chomwe chatsala ndi mantha, ndipo tiwatchule dzina. Khoswe sanachoke pa mkhate, anangosintha mkhate. Mwini esiteti lero akhoza kukhala phungu, mkulu wa ku likulu, kapena amene anagula malata a tchalitchi chomwe wolembayo amapemphera. Venda wopinda sikelo ndi mlamu wake wa wina. M'dziko laling'ono ngati lathu aliyense ndi mbale wa aliyense, ndipo kukalipira hule wa m'nkhani sikudanitsa ndi munthu. Ndikudziwa, chifukwa nanenso ndinalembapo tinkhani totere m'masamba a Chichewa a nyuzipepala za Loweruka, ta mtsikana wonyada wothera m'bokosi. Anzanga ankandiyamikira kuti muli phunziro.

Mnyamata uja anakhoza Chichewa bwino kwambiri, kuposa maphunziro ena onse. Ndinakumana naye patapita zaka, pa boma, atatsamira njinga ya kabaza yowotcherera kaliyala wa chitsulo chochindikala, wa matumba osati wa anthu. Anandigulira chimanga chootcha, tinakhala pa khonde la sitolo ina. Kwa ola lathunthu anandisimbira za maulendo a usiku: mmene amazimitsira tochi akamva agalu, mmene amadziwira kuti waoloka malire poona mtundu wa mapepala a shuga otayidwa m'njira, za mnzake amene anathyoka mwendo ndi matumba atatu a chimanga n'kumunyamula pa njinga yomweyo, za mwini katundu amene sanamuonepo nkhope koma amangomva mawu ake pa foni. Anasimbanso za bambo ake, omwe anabwerera kummwera atakalamba n'kupeza munda wawo wagawidwa. Chichewa chake chinali chonona kuposa cha mabuku onse omwe ndinamuphunzitsa. Ndinamuuza kuti, "Iwe, zimenezi uzilembe. Ndikugulira makope."

Anaseka, n'kupukuta manja pa buluku. "Aphunzitsi, ndingalembe ndithu. Nanga phunziro lake tidzati n'chiyani?"